Phale Losatsuka

Amayi anga anali oumba. Kwathu kuno kwa Lukwa, masiku amene ndowa za pulasitiki zinali zisanadzaze m'misika, panalibe khomo lopanda mtsuko kapena mphika wotuluka m'manja mwawo. Sanali munthu wolankhulalankhula. Akakhala pansi pa mtengo wa mango atatambalala, dongo lili pambali, ngakhale mwana agwe pafupi ankangomuyang'ana ndi diso limodzi n'kupitiriza ntchito yawo. Ine ndinkawathandiza kusenza dongo kuchokera kumtapo wa kudambo, koma kuumba kunandikana. Zanga zinkatuluka zopendama, ndipo iwo ankangozifinya n'kuzibwezera pamulu.

Pakhosi pa mphika uliwonse ankalemba timizere ndi kabango, timene tinkati mphini za mphika. Pamene mizereyo yakumana ankadinapo ndi chala chachikulu. Sindinawafunsepo chifukwa chake. Mwana safunsa zinthu zimene amaziona tsiku ndi tsiku.

Atatisiya, ziwiya zawo zinayamba kutha chimodzichimodzi. China chagwa pamutu pa mwana, china ng'ombe yaponda. Wotsiriza unali mphika wa ndiwo umene anandipatsa ndikukwatiwa, ndipo nawonso tsiku lina unang'aluka pamoto n'kugawika pawiri. Kwathu mphika ukasweka sititaya. Chidutswa chake ndi phale, ndipo phale lili ndi ntchito zake. Lalikulu ndinalisandutsa lokazingira mtedza ndi chimanga. Laling'ono ndinaliika kuseri kwa khitchini kuti nkhuku zizimweramo madzi. Zaka zinapita choncho, ndipo sindinaganizepo kuti mapale awiriwo adzandisowetsa mtendere.

Mwa ana amene Mulungu anatipatsa, wamkazi wachiwiri ndiye anapita patali ndi sukulu. Ine ndinalekeza kupulayimale, bambo ake anapitirira pang'ono, koma iyeyu anakafika mpaka kuyunivesite. Anamuphunzitsa ndi fodya. Amene analimapo fodya akudziwa chimene ndikunena: kuthirira nazale dzuwa lili phwee, kuwokera mvula ili pamsana, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, manja akuda bii ndi utomoni umene sopo sachotsa. Bambo ake ankati akamadinda belo, amanena kuti, "Ili ndi la mwana wa sukulu." Ndimathokoza Ambuye kuti sitinagonepo ndi njala chifukwa cha sukuluyo, ngakhale zaka zina tinafika m'mphepete.

Atamaliza anapeza ntchito ku Blantyre. Tinasangalala, tinapha nkhuku, tinapemphera. Koma titafunsa za ntchitoyo anati ndi ya kumiyuziyamu. Liwu limeneli linandivuta pakamwa, ndiye anandimasulira kuti ndi nyumba yaikulu ya boma yosungiramo zinthu zakale za dziko lonse lino. Ine ndinangoti chabwino, bola ndi ya boma. Anthu akandifunsa kutchalitchi ndinkangoti, "Ali muofesi ku Blantyre." M'mutu mwanga ndinkamuona atakhala pampando wozungulira, atavala nsapato zazitali.

Chaka china, nyengo yozizira, tikusankha fodya, anabwera ndi anzake a kuntchito pagalimoto. Anati akukakumba cha ku Chisemphere, kufupi ndi nkhalango ya nyama, kumene kuli ng'anjo zimene makolo ankasungunuliramo chitsulo. Anzakewo anakamanga matenti komweko, iye ankabwera kudzagona kunyumba Loweruka. Sipanapite nthawi, alamu anga, ang'ono awo a bambo a kunyumba, anadutsa kumeneko panjinga pochokera kokagula mbuzi. Anafikira kuchigafa kwathu akuseka asanatsike n'komwe.

"Alamu, mwana wathu uja ndamuona!"

"Mwamuona kuti?" ndinafunsa.

"M'dzenje, alamu! Wagwada, fumbi mpaka m'nsidze, akupalapala ndi kampeni. Ine ndimayesa akukumba mbewa. Ndinaima kuti mwina andigawireko ziwiri."

Aganyu amene ankatithandiza kusankha anaseka mpaka wina anagwetsa ndindi ya fodya. Alamu anapitiriza kuti dothilo amalisefa ngati ufa, ndipo akapeza kaphale amaitanizana n'kumakajambula ngati mkwatibwi. "Achimwene, mabelo onse aja anali ogulira digiri yotolera mapale? Mukananena, ine ndikanamuphunzitsa ulere kuseri kwa khola."

Bambo ake sanaseke. Anangopitiriza kusanja masamba. Kuyambira tsiku limenelo nyumba ija ya ku Blantyre anayamba kuitchula kuti nkhokwe ya mapale.

Loweruka lotsatira mwana anabwera. Ndinali ndikukazinga mtedza pakhonde dzuwa litapendeka, iye atakhala pamkeka akundithandiza kupeta. Mwadzidzidzi anasiya lichero n'kuyang'anitsitsa phale lili pamoto.

"Amayi, phale ili ndi la mphika wa agogo uja?"

"Eya. Lina nkhuku zikumwera uko."

Anadzuka n'kupita kuseri kwa khitchini, ndipo anakhalitsa kumeneko. Pobwera anati mphini za pakhosi pake zikufanana ndi za timapale timene akufukula pansi penipeni pafupi ndi ng'anjo zija, timene anthu ake anafa kalekale, dzina lawo palibe amalidziwa. Kenako anandipempha kuti ndimupatse limodzi akalisunge kuntchito kwawo.

Ndinachita manyazi. Mwana wako akamabwerera kutauni umamupatsa ufa, mtedza, nkhuku yamoyo. Phale? Komanso phale lomwera nkhuku, lodzaza ndere ndi zitosi m'mbali? Koma poti anapempha, ndinavomera laling'onolo. M'mawa mwake ndisanapite kutchalitchi ndinalitengera kuchitsime. Ine amayi anandilera kuti chiwiya sichituluka pakhomo chili chakuda. Ngakhale mbale yobwereka kwa mnansi umaibweza ikuwala, kuti asakunene. Nanga ichi chopita ku Blantyre, kukaonedwa ndi anthu ophunzira? Ndinalikwecha ndi mchenga, ndinabwereza ndi phulusa, ndinatenganso mwala wotsukira mapazi. Mwaye wonse unachoka, phale linafiira ngati latuluka kumene pamoto wowotchera. Ndinalikulunga m'kansalu koyera n'kukamupatsa ndi manja awiri.

Atatsegula anafuula ngati waponda moto.

"Mayo, amayi! Mwatani?"

"Ndatsuka. Umafuna upite nalo ndi zitosi?"

Anakhala pansi, phale lili pamiyendo, akuliyang'ana uku ndi uku. Mphini zija zinali zitafufutika, zikungooneka patalipatali. Pamene amayi anadina ndi chala panangotsala kadzenje kosalala. Anayamba kuseka, koma misozi ili m'maso. Anandiuza kuti kwa iwo mwaye ndi mawu. Umanena nkhuni zimene zinkayaka, umanena zimene zinkaphikidwa. Ndipo m'kadzenje kaja munali timizere ta khungu la chala cha agogo ake, timene dzulo lake anationa ndi maso ake.

"Mwawatsuka agogo, amayi," anatero.

Ndinamukalipira kuti asamalankhule choncho za anthu akufa, koma mawuwo anandikhala. Ulaliki wa tsiku limenelo sindinaumve bwino. Phalelo sanalitenge. Linabwerera kwa nkhuku.

Nkhani inakula fodya atagulitsidwa. Alamu aja, ngakhale amaseka anthu, ndi munthu wokonda abale ake. Anali ndi mnzawo pakampani ina yogula fodya, ndipo anamva kuti akufuna alangizi oyendera alimi, munthu wophunzira, wodziwa dera lino. Ntchito ya njinga yamoto, nyumba pa Boma, malipiro oposa a ku Blantyre. Bambo a kunyumba anamuimbira foni mwana uja ine ndili pomwepo.

"Ubwere kuno. Fodya anakuphunzitsa, fodya yemweyo akudyetse. Anthu aziona kuti mwana wa pakhomo pano ndi uyu akudutsa apayu."

Sanali olakwa. Ankafuna mwana wawo akhale pafupi, alemekezeke, ndiponso kuti thukuta lawo lioneke. Nanenso mumtima ndinkafuna zomwezo. Tikukalamba, ndipo Blantyre ndi kutali. Mwana sanakane, sanavomere. Anangopempha kuti andipatse foni.

"Amayi, ababa sindingawatsutse. Koma ntchitoyi ndimaikonda. Bwerani mudzaione ndi maso anu. Mukadzati ndisiye, ndisiya, sindidzadandaula. Mukadzati ndikhale, mukawauze ndinu."

Anandisenzetsa katundu wolemera. Mawu anga ndiwo anali oti amuchotse pa ntchito imene mtima wake unali, kapena akhumudwitse bambo amene anathyoka msana chifukwa cha iye. Akampani aja anati adikira mpaka nyengo yofesa nazale, osapitirira apo.

Kutchalitchi nkhani inali itafika kale. Pa msonkhano wa amayi Lachinayi, mayi wina wachikulire amene timakhala naye benchi limodzi anandikokera pambali. "Mayi, ndamva kuti kumene kuli mwana wanu kuli zigaza za anthu ndi zithumwa. Mwana wobatizidwa azigwira zimenezo? Mumuchotseko." Wina anati iye anamva kuti kuli zilombo za gule zoimikidwa m'magalasi. Ndinabwerera kunyumba mutu uli zweee. Ndinagwada m'chipinda n'kunena kuti, "Ambuye, ine sukulu ndilibe, zinthu izi zandikulira. Mundionetse chimene ndiyenera kuona, ndipo mutseke maso anga pa zimene zingandisokeretse."

Ndinakwera basi pa Boma m'mamawa. Blantyre ndinali ndisanafikeko chibadwire. Mwana anandichingamira kudepoti, ndipo tsiku lotsatira ananditengera kuntchito kwake.

Ndinene zoona, nyumbayo sinali yonyezimira monga ndinkaganizira. Utoto unali utasuluka, ndipo pena denga linali ndi zipsera za mvula. Panja panaima zitsulo zikuluzikulu zakale, mutu wa sitima ndi magalimoto amene anasiya kuyenda ine ndisanabadwe. Ofesi yake inali kachipinda kodzaza makatoni, mpando wake wosazungulira n'komwe. Mumtima ndinati, bambo ake akanaona izi nkhani ikanathera pakhomo pomwepa.

Anandiyendetsa pang'onopang'ono, akundifotokozera monga amachitira ndi alendo, koma m'Chichewa chathu cha kumudzi. Anati nyumbayi sinayambe chonchi. Inayamba nthawi ya atsamunda, m'zipinda zobwereka za nyumba ina yakale. Azungu ena oyendayenda m'maboma ankatola zimene zawasangalatsa, mikondo, ng'oma, mikanda, mitondo, n'kumaziunjika kumeneko kuti anzawo aziona mmene anthu akuda amakhalira. Dziko litalandira ufulu, boma linamanga nyumba inoyo kuti zinthuzo zikhale zathu, ana athu aziziona. Pang'onopang'ono ana a dziko lino anaphunzira ntchitoyi n'kuitenga m'manja mwawo. Anayamba kukumba okha m'mapanga ndi m'mabwinja, anatsegula nyumba zina zing'onozing'ono m'zigawo zina, ndipo nthawi zina ankanyamula zinthu pagalimoto kukaonetsa m'masukulu a kumidzi. Anati ndalama zimavuta, zaka zina galimoto imangokhala osayenda, koma ntchito sinaime.

Ndinaona nsalu ya khungwa la mtengo imene makolo ankavala. Ndinaona makasu osula pamanja, aang'ono ngati chikhatho, ndipo ndinadzifunsa kuti anthu amenewo ankalima bwanji mpaka kudyetsa ana. Ndinaona maunyolo amene ankamangira akapolo, ndipo pamenepo ndinaima n'kupemphera chamumtima, chifukwa njira zina za anthu ogwidwawo zinkadutsa kwathu komwe kuno. Zilombo za gule zinalipodi. Ndinadutsa mofulumira nditayang'ana pansi, ndipo mwana sanandikakamize. Koma chapafupi pomwepo panali mabuku a Mawu a Mulungu oyambirira kumasuliridwa m'zilankhulo zathu, mapepala ake ofiirira ngati fodya wouma bwino. Ndinaona kuti nyumbayi sipembedza chilichonse mwa zinthuzi. Imangoti, izi ndi zimene anthu anu anadutsamo.

Kenako tinafika pa miphika.

Inali yambiri, ina yathunthu, ina yolumikizidwa ndi guluu, ina mapale okhaokha atagonekedwa pansalu m'kati mwa galasi. Ndinaseka ndekha pokumbukira alamu. Mapale enieni, ofanana ndi a nkhuku zanga, ali m'galasi ngati keke ya ukwati! Pansi pa chilichonse panali kapepala. Ndinamupempha kuti andiwerengere ka mtsuko wina waukulu wokongola, wa khosi lalitali. Anawerenga mtundu wa anthu ndi boma limene unachokera.

"Nanga anaumba ndani?" ndinafunsa.

"Sanalembe, amayi."

"Uwu?"

"Nawonso sanalembe. Kale sankafunsa. Ankangotenga mphika, mwini wake n'kumusiya pakhomo."

Ndinayang'ana mitsuko ija ili ndandanda. Uliwonse unali ndi mayi wake amene anapita kumtapo m'mawa, anaponda dongo, anakhala padzuwa msana ukuwawa, anagona ndi nkhawa kuti mwina uphulika powotcha. Onsewo mayina awo anatsala m'njira. Anandiuza kuti ntchito imene iye ndi anzake akulimbikira tsopano ndi imeneyo. Akapita kumudzi amakhala pansi ndi eni ake, amapempha, amafunsa kuti anapanga ndani, anaphunzira kwa yani, ankachitira chiyani. Mwini akakana, amachisiya.

Ananditengera kuchipinda cha kuseri kumene alendo safikako. Kunali mashelefu mpaka kudenga. Anatsitsa katoni ya zimene anakumba ku Chisemphere zija, anasamba m'manja, n'kutulutsa kaphale kakang'ono kakuda. Anandipatsa galasi lokulitsa zinthu n'kundiuza kuti ndiyang'ane m'mphepete. Poyamba sindinaone kanthu. Kenako ndinaona mphini, timizere topendama tokumana pamodzi, ndipo pokumanirapo panali kadzenje. M'kadzenjemo munali timizere tating'onoting'ono tozungulira, ngati timene tili pa chala changa.

Ndinatsitsa galasi lija. Munthu amene anaumba mphika umenewu anafa mitengo ya m'nkhalango ija isanamere, koma chala chake chinali pamaso panga, pamalo omwewo pamene amayi ankadina. Sindikunena kuti anali mbale wathu, mwana nayenso anati zimenezo sangazidziwe. Koma wina anaphunzitsa wina, winayo n'kuphunzitsa wina, mpaka zinafika pansi pa mango paja. Ndipo zinathera pa ine, amene kuumba kunandikana.

Pamenepo ndinakumbukira chinthu chimene chinandipweteka. Mwezi womwewo mdzukulu wanga wamkulu, mwana wa mwana wanga woyamba, amene ali kale kusekondale, ndinamufunsa ngati akudziwa dzina la amayi anga. Anaganiza, anaseka, n'kunena kuti, "Si agogo aja a miphika?" Dzina silinabwere. Manda awo alibe mwala, chifukwa nthawi imeneyo sitikanatha. Chidindo cha chala chawo chinali pa phale la nkhuku, ndipo ndinachichotsa ndekha ndi mwala wotsukira mapazi.

Ndinayang'ana mwana wanga akubwezera kaphale kaja m'katoni. Anakagwira ndi manja awiri, chala chachikulu chili m'mphepete, mutu ataupendeketsa, milomo ataluma. Ndi mmene amayi ankagwirira mphika wauwisi pousuntha kuti uume pamthunzi. Iye sanawaonepo akuumba, anabadwa manja awo atayamba kale kunjenjemera. Ndinatembenukira kukhoma kuti asaone nkhope yanga.

Madzulo ake tinadya kunyumba kwake tikucheza za kumudzi. Pondiperekeza kudepoti m'pamene anati, "Nanga amayi?" Ndinamuyankha kuti ndikalankhule kaye ndi bambo ake, chifukwa si bwino mwana amve chigamulo bambo ake asanamve.

Ndinawapeza akukonza malo a nazale kudimba. Ndinadikira asambe, adye, ndipo titakhala pakhonde ndinawafotokozera zonse, za utoto wosuluka ndi mpando wosazungulira zomwe. Sindinabise kanthu. Ndinawauza za makasu aang'ono aja, za mitsuko yopanda eni, ndi za chala chija.

"Ndiye mukuti chiyani, amayi ake?" anafunsa.

"Ndikuti akhale, abambo."

Anayang'ana kuchigafa.

"Ndiye kuti ine ndinavutikira mapale."

"Munavutikira mwana. Ndipo mwanayo ndamuona, ali pamalo pake. Fodya amene mukuti amudyetseyu, inu nomwe mumanena kuti ogula akuchepa chaka ndi chaka. Tsiku lina adzukulu athu adzafunsa kuti chigafa chinali chiyani, ndindi inali chiyani. Adzawauza ndani kuti kunali munthu wina kwa Lukwa amene ankadinda belo n'kumati ili ndi la mwana wa sukulu?"

"Musandiike m'galasi ine ndili moyo," anatero. Koma mawu awo anali atafewa, ndipo ndinadziwa kuti ngakhale sanakondwe, sadzamuletsa. Tsiku lotsatira anapita okha kwa ang'ono awo kukawauza kuti athokoze akampani aja. Alamu anabwera kudzandidandaulira kuti ndataya njinga yamoto chifukwa cha mbewa, ndipo mpaka lero akamuona mwanayo amamufunsa kuti wagwira zingati. Iye amawayankha kuti akuwasungira malo m'galasi pafupi ndi mutu wa sitima, poti nawonso ndi chinthu chakale chaphokoso.

Mayi uja wa kutchalitchi ndinamuuza zimene ndinaona, zilombo ndi mabuku omwe. Anapukusa mutu, sanakhutire, koma timakhalabe benchi limodzi. Ine ndinaganiza kuti Mulungu amene anaumba munthu ndi dothi sangadane ndi mwana wosunga ntchito za manja a anthu ake.

Pa Khirisimasi mwana anabwera. Tsiku loti abwerere ndinatenga phale lalikulu lija, lokazingira mtedza. Linali lakuda bii, mwaye wa zaka zambiri utakhuthala kunsi kwake, m'kati muli mafuta a mtedza ndi timakoko topserera. Pakhosi pake mphini zinalipo zonse, ndipo pokumana mizere kadzenje kanali kodzaza mwaye. Manja anga ankayabwa. Chitsime chinali pomwepo, mchenga pomwepo. Ndinamva ngati amayi aima kumbuyo kwanga akundiyang'ana ndi diso limodzi lija, kudabwa kuti mwana amene anamulera akutulutsa chiwiya chakuda pakhomo, pamaso pa anthu. Ndinati chamumtima, "Mundikhululukire amayi, ulendo uno mupita osasamba."

Sindinalipukute n'komwe. Bambo ake anaima pakhomo akuonerera ndikuvutika kupeza chokulungira, kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi pepala lolimba lija timayala m'kati mwa belo, ndi chingwe chosokera fodya. Analimanga okha, mosamala, mfundo zake zija za pabelo.

"Likasweka m'basi musadzati ndine," anatero. "Nanga mtedza tizikazingira pati?"

Mwana anakhala nane pamkeka n'kundifunsa mafunso ambiri, akujambula mawu anga pafoni. Dzina la amayi, dzina la amayi awo, mudzi umene anabadwira, kumene kunali mtapo, makungwa amene ankaviika m'madzi owazira mphika ukangotuluka pamoto. Zina ndinkadziwa, zina ndinali nditaiwala, ndipo zina zinabwera zokha ndikulankhula, monga kanyimbo kamene ankang'ung'udza pokulungiza mphika ndi mwala wosalala. Ndinadabwa kuti zinali m'kati mwanga nthawi yonseyi.

Patapita miyezi anatitumizira chithunzi pafoni ya mchimwene wake. Phale lili m'galasi, lakuda monga linachokera kuno, pambali pa timapale ta ku Chisemphere tija. Pansi pake pali kapepala, ndipo pakapepalapo pali dzina la amayi anga lonse, ndi la mudzi wathu. Ndinaitana mdzukulu uja kuti andiwerengere mokweza, ngakhale kuti dzina limenelo ndikanatha kuliwerenga ndekha. Analiwerenga, ndinamuuza abwereze, ndipo anabwereza. Bambo ake a mwana anatenga foniyo n'kupita nayo kwa ang'ono awo, akuti kukawaonetsa mmene zinthu zimawonongekera ku Blantyre, koma anakhalitsa kumeneko, ndipo ndinamva kuti anaonetsanso anthu a pagolosale.

Blantyre akadali kutali, ndipo pali masiku amene ndimadwala n'kulakalaka mwana akanakhala pa Boma pompa, kuti ndingomva kulira kwa njinga yamoto pabwalo. Zimenezo ndimazipereka kwa Ambuye. Mtedza masiku ano ndimakazingira m'chiwaya chachitsulo chogula kumsika. Chimatentha msanga, ndipo ndikangotembenuka pang'ono mtedza wapserera. Bambo ake amadya akudandaula. Laling'ono lija, lofiira, losalala, likadali kuseri kwa khitchini, ndipo m'mawa uliwonse ndikamathiramo madzi a nkhuku chala changa chimapita chokha pa kadzenje kaja.